Baji Yofiira ndi Maliro a pa Foni

Ine Esinati Nangozo cholembera sindinachigwirepo. Mawuwa ndikungolankhula, akulemba ndi apongozi anga, mai a Tadala, akazi a mwana wanga wachisamba Limbani. Zaka zimene mukuziona pamwamba pa ndime akuika ndi iwowo. Ine zaka ndimazikumbukira ndi mimba, njala ndi maliro. Ndawauza kuti asawongole kanthu, pamene ndakhota pakhote. Ana anga ndi adzukulu anga, mwakhala mukunong'onezana m'makona kuti agogo anasiyiranji ntchito mphamvu akadali nazo. Ena mumati ndinakalamba, ena mumati anandichotsa chifukwa cha sukulu. Imvani kwa mwini wake.

Kasungu ndi Lilongwe, 1974 mpaka 2015

Ntchito yanga yoyamba inali yosankha fodya pa esiteti ina ku Kasungu, Limbani ali kumsana. Tinkakhala pansi m'shedi dzuwa lisanatuluke, miyendo titatambalala, tsamba lililonse kuliyang'ana, kuligwira, kuliponya pa mulu wake. Kapitao wathu ankayenda ndi kamtengo. Sankamenya nako munthu ayi, koma kakangogunda pa mulu wako unkadziwa kuti lero ubwereza zonse. Fumbi la fodya linkalowa m'chifuwa, mwana n'kumatsokomola pamodzi ndi mai wake. Bambo a Limbani anamwalira pa esiteti pomwepo, ine n'kutsikira ku Lilongwe kwa achemwali anga, kumene ndinapeza ntchito yokolopa pa chipatala china. Mawodi amenewo ndinawakolopa mpaka imvi. Mabwana ndinaona a mitundumitundu. Sisitala wina ankakuyitana ndi dzina n'kukufunsa za ana, wina ankangoti “iwe wa mopu” maso ali kwina. Sopo ankatha, magolovesi ankatha, nthawi zina ndi madzi omwe. Tinkamanga majumbo m'manja n'kumagwira zimene munthu sayenera kugwira. Koma chimodzi sichinathepo pa chipatala chija. Munthu akamwalira, amayi onse odikirira odwala ankanyamuka, omudziwa ndi osamudziwa, n'kuperekeza thupi ku nyumba ya chisoni akuyimba. Ife a mopu tinkaimika ndowa pakhoma n'kutsatira. Ngakhale sisitala wankhanza uja sanatiletsepo.

Perth, 2016 mpaka 2019

Limbani anaphunzira unamwino, mwayi n'kumugwera wobwera kuno. Atakhazikika ku Girrawheen anandiyitanitsa, mapepala onse n'kulongosola yekha. Poyamba ndinkalera adzukulu, koma ana a kuno amakula msanga. Ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno, kenako wamva chitseko cha kuchipinda chatsekeka. Nyumba inkakhala zii kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Munthu amene wakhala akudzuka ndi tambala moyo wake wonse, ukamukhazika pa sofa amayamba kuwola ali moyo. Ndinkalira pa sofa imeneyo popanda wondimenya. Ndinakayesa ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, ndinakayesa pa sukulu ina. Konseko asanakupatse mopu amakukhazika pa kompyuta kuti uwerenge malamulo n'kuyankha mafunso. Ine ndinkayang'ana galasilo, nalo likundiyang'ana, mpaka mtsikana woyesayo achite manyazi m'malo mwanga.

Amene anandipulumutsa ndi a Tembo, bambo wa ku Chipata amene timapemphera nawo ku Balga. Anali supavaiza wa okolopa pa kampani ina yaing'ono kufupi ndi Murdoch. Dzina la kampaniyo lisiyeni. Tsiku lina titaweruka ku tchalitchi anandiimitsa pa khomo. “Amai, manje imwe muzankala chabe pa nyumba monga katundu? Bwelani Mande. Kuja nchito ni ya manja, sibafuna madigili.” Ndinayamba choncho: basi mpaka Warwick, sitima yodutsa pansi pa tauni mpaka Murdoch, kenako basi ina. Masiteshoni ndinkawadziwa ndi maso, uku kuli mlatho, uku kuli mtsinje, ukaona chipatala chachikulu nyamula chikwama.

Pa kampanipo ankapanga tinthu tating'ono ngati chikhadabo cha khanda, timene amati tchipu. Limbani anandiuza kuti timeneti ndi ubongo wa foni, wa galimoto, wa makina a kuchipatala, ngakhale wa ndege za nkhondo. Athuwo ankapangira makina a ku migodi, oti azinunkhiza mpweya woipa pansi pa nthaka anthu asanafe nawo. Mdani wa tchipu ndi fumbi. Kafumbi kosaoneka ndi maso komwe kangawononge ntchito ya mwezi wathunthu. Ndiye chipinda chamkati chinali ndi malamulo oposa a ku chinamwali. Mafuta odzola ayi, paudala ayi, ndolo ayi. Khungu langa linkachita kutuwa ngati ndagona paphulusa. Umavala ovolosi yoyera kuchokera kumutu mpaka kuphazi, maso okha panja, n'kudutsa m'kachipinda kokupemerera mphepo mbali zonse. Mkatimo magetsi ake ndi achikasu ngati dzuwa la m'chilimwe lotchingidwa ndi utsi wa lupsa. Popukuta suzungulira ngati ukutsuka mbale. Umakoka kansalu kupita mbali imodzi, kupinda, kukokanso, kuyambira pamwamba kutsika pansi, osafulumira, chifukwa ukafulumira thupi lako lomwe limawaza fumbi.

Woyang'anira chipinda chimenecho anali Dokotala Liu, mai wochokera ku China, wochepa thupi, woyenda ngati wasiya kanthu pamoto. Anali atakhala kuno zaka zambiri, pasipoti ya kuno anali nayo. A Tembo atawauza kuti sindiwerenga, sanaseke, sananditumizenso ku kompyuta. Anavala ovolosi, anagwira kansalu okha, n'kugwada pansi kundisonyeza. Mabotolo a mankhwala anawamata timapepala: wobiriwira wa pansi, wabuluu wa pa matebulo, wofiira usakhudze ngakhale utagwa. Ndikalakwitsa ankangogwedeza chala n'kuti, “Bwerezani, Esinati.” Ndinabwereza mpaka manja anadziwa okha. Kenako anakauza akuluakulu kuti mayeso andiyesa okha pakamwa, a Tembo akutanthauzira, ndipo ndakhoza. Ndi mmene ndinapezera baji yofiira, kakhadi kovala m'khosi kotsegulira chitseko chamkati. Ndinkadziwa ndithu kuti mu Perth monse, khomo lotsegukira munthu ngati ine linali limenelo lokha.

Pa tiyi tinkakhala limodzi, Chingerezi changa chothyoka, chawo chopindika, koma tinkamvana. Nthawi imeneyo ndi imene ankaimbira foni mai awo okalamba ku China, n'kunditembenuzira galasi kuti ndipereke moni. Gogo uja ankaseka ndi nkhama zokha, n'kumaloza duku langa kuti lakongola. Pa chaka chatsopano cha kwawo anandiyitanira kunyumba kwawo ku Bull Creek, ndinakadya timitanda ta ufa tokulunga nyama. Amuna anasiyana nawo kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Melbourne. Nyumba yaikulu, munthu mmodzi.

2020

Mliri utabwera boma linatseka malire. Kunja kwa dziko kosapitika, ku Melbourne komwe kosapitika. Ife tinkagwirabe ntchito. Sitima inkayenda ndi anthu owerengeka, aliyense pakona pake, ukatsokomola maso onse pa iwe. Ndiye zosowa za ku Lilongwe zija zinandilondola mpaka kuno. Magolovesi anasowa, mamasiki anasowa, mankhwala opukutira onunkha ngati kachasu aja anapita onse ku zipatala. A Tembo anagula loko wa pa kabati, kiyi n'kumangirira pa lamba. Ndinaseka ndekha, ndati kani ndi azungu omwe zimawathera. Ndinawauza Mai Liu kuti kwathu tinkachapa magolovesi n'kuyanika pa chingwe, anachita kugwira mutu. Chipinda chamkati chinatsala pang'ono kutsekedwa. Amene anatiombola ndi mchimwene wawo wa ku China, amene anatumiza makatoni a mamasiki ndi magolovesi. Tsiku limene anafika, anthu anawomba m'manja, bwana wamkulu n'kunena kuti mchimwene ameneyo akadzabwera ku Perth adzamwa mowa waulere.

Chaka chomwecho mayiko akuluakulu anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. America ndi China ankalimbirana matchipu omwewa. Uyu akuti musamugulitse, uyo akuti ndipanga anga. Australia anaima kumbuyo kwa America, China n'kuleka kugula zinthu zina za kuno. Ine ndinazionera pa mbale. Pa Khirisimasi nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zimene zinkapita ku China zinadzaza m'masitolo, Limbani n'kubwera nazo kunyumba monyadira. Ndinalawa kamwendo, ndinati bola usipa.

“Amayi, iyitu ndi nkhondo,” anatero akuswa chigoba. “Kungoti zipolopolo zake ndi tinthu timene mumapukutira fumbi tija.”

“Ndiye ine ndakhala msilikali? Andipatse nsapato za jombo.”

Anaseka mpaka kutsamwa.

Chakumapeto kwa chaka kampani yathu inapeza ntchito yopangira tinthu tina a chitetezo cha dziko. Akuluakulu anagula keke. Sabata yotsatira kunabwera anthu omanga makamera ndi maloko atsopano, komanso bambo wina wa tayi, woyang'anira za chitetezo, amene anapatsidwa ofesi pafupi ndi khomo. Sanali munthu woipa ayi. Ankapereka moni, ndikamakolopa ankanyamula mapazi. Koma chifikireni iye, tiyi anasintha kukoma. Mai Liu akalowa, nkhani zinkaduka pakati. Anyamata amene anawaphunzitsa okha ntchito ankanyamula makapu kukamwera panja, ati akufuna kamphepo. Tinkatsala awiri. Tsiku lina akutakasa tiyi anati, “Esinati, ku China amati ndine wa ku Australia. Kuno ayamba kunena kuti ndine wa ku China. Dzulo ku sitolo munthu wandiuza kuti ndibwerere kwathu ndi matenda anga.” Ndinangowakankhira mbatata yanga.

2021

Matchipu anasowa dziko lonse. Limbani anaitanitsa galimoto n'kumangodikira, ati ku fakitale magalimoto angoima pamzere opanda ubongo. Kuntchito maoda anachuluka, anthu ankagwira atakwinya nkhope, nane msana unayamba kundikumbutsa zaka zanga. Ndiye m'nyengo yozizira, Lolemba lina, ndinapeza tebulo la Mai Liu lili mbee, patangotsala kapu. Anatisonkhanitsa tonse. Bambo wa tayi analankhula pang'onopang'ono, a Tembo akunditanthauzira kukhutu. Mai Liu awaimitsa kaye, akufufuzidwa, chifukwa mchimwene wawo amagwira ntchito pa kampani ya matchipu ku China ndipo iwo amalemberana ndi anzawo akale a kumeneko. Mchimwene wake yemwe uja wa makatoni. Kufikira kafukufuku atatha, aliyense wa baji yofiira asawaimbire, asawalembere, asapite kwawo. Wophwanya lamulo, baji alanda.

“Mwamvela, amai?” anatero a Tembo. Ndinati ndamva. Bambo wa tayi anafunsa a Tembo ngati gogoyu wamvetsa zonse, a Tembo n'kuvomera pamaso pa anthu onse.

Bambo wa tayi anandiyitananso pandekha. Kodi munawaonapo akujambula mkati muja? Akutulutsa kanthu? Ndinanena zimene ndinaona: mai wolimbikira ntchito, woimbira mai ake pa tiyi. Zimene sindinaone sindinanene. Ndipo ana anga, ndikuuzeni zoona, mpaka lero sindidziwa ngati Mai Liu anali ndi mlandu kapena ayi. Za m'makompyuta ine ndingazidziwire kuti? Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Bambo uja anati, “Zimene timapanga muno zimateteza ana a anthu. Zikapita kolakwika, ena adzafa.” Sindinamutsutse. Ndinangomva kutopa, kutopa kwa m'mafupa kumene tulo sitichotsa. Lamulolo ndinalisunga masabata angapo. Tiyi ndinkamwera m'kachipinda ka mamopu.

Lachisanu lina a Tembo anandipeza ndikutsuka ndowa. Anatseka chitseko.

“Amai, ba Liu bafedwa. Bamai bao kuja ku China. Mtsikana wa pa lisepushoni ndiye waniuza.”

“Mayo! Ndiye tinyamuka nthawi yanji?”

Anandiyang'ana ngati ndavula pamsika. “Kunyamuka kuyenda kuti? Imwe munaibala vija? Olo maluba sibatumiza aba. Nakuuzani chabe kuti muzibe, osati muyende. Mwanimvela?”

Loweruka m'mawa Limbani anandipeza ndikumanga chitenje, mphika ndi mpunga zili m'chikwama.

“Amayi, ulendo wa kuti?”

“Ku maliro.”

“A ndani? Pa gulupu ya pa foni sanalengeze.”

Ndinamuuza. Anakoka mpando n'kukhala, makiyi akadali m'manja.

“Mukudziwa kuti akulandani baji? Ndipo mukachoka pamenepo kulibe kwina, inunso mukudziwa. Mubwerera pa sofa paja munkalirapo. Tumizani uthenga basi. Ndikulemberani pa foni yanga, dzina osaika.”

“Uthenga umaphika phala?”

“Amayi, kuno si ku Dedza. Kuno munthu akafedwa amafuna kukhala yekha.”

“Unawafunsa? Mwana wawo watsekeredwa ku Melbourne, amuna alibe, a kuntchito awathawa ngati akhate. Bambo ako atamwalira pa esiteti paja anandigoneka ndi Atumbuka ndi Alomwe oti ndi maina omwe sindinkawadziwa. Iwe unali ndi mamina, sungakumbuke amene anakubereka kumsana tsiku limenelo.”

Anapukusa mutu nthawi yaitali. “Chabwino. Koma mukalowe mwakachetechete. Munthu asakuoneni, munthu asakumveni.”

Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse.

Ku maliro sapita munthu mmodzi, choncho ndinatenga amayi awiri a ku mpingo: Nachisale, amene ali ndi galimoto, ndi Mai Mwale. M'njira ndinawalangiza kuti tikalowe ngati amphaka. Onse anavomera. Msewu wa ku Bull Creek uja ndi wa kapinga wometedwa, mbalame zokha zikulira, munthu osaoneka. Koma titangotsika n'kuona nyumba ija, makatani otseka, pakhomo popanda nsapato ya mlendo ngakhale imodzi, popanda utsi, popanda bambo wokhala panja, ine ndinaima pa geti. Nyumba ya maliro kukhala ngati eni ake apita ku holide! Amene anayamba sindimudziwa. Nachisale amati ndine, ine ndimati ndi iwo. Ndinangozindikira manja ali kumutu, tikuyenda pang'onopang'ono kuchokera pa geti monga timachitira kwathu, kukhosi kutatseguka. “Mayi wathu ine! Mwamusiyira yani mwanayu ine! Mayo ine, mayo!” Mai Mwale ali ndi mawu oti akalira ku Balga, ku Girrawheen amayamba kufunsa kuti wamwalira ndani. Agalu a mumsewu monse anayamba kuuwa. Makatani a nyumba zina anagwedezeka. Bambo wina amene ankathirira maluwa anangoima, paipi ikumuthirira mapazi, kukamwa kuli yasa.

Mai Liu anatsegula chitseko nkhope ili mbuu, atavala zogonera dzuwa lili pamutu. Ankayesa kuti wina wagundidwa ndi galimoto. Atandizindikira anagwira pakamwa. “Esinati, bwererani! Akuchotsani ntchito!” Ife tinavula nsapato, kulowa, kukankhira mipando kukhoma, kuyala zitenje pansi n'kukhala. Pa tebulo panali foni yotsamira botolo. Mmenemo munkaoneka chipinda cha kutali, anthu ovala mamasiki ataima mozungulira bokosi, chithunzi chikuduka n'kubweranso. Amenewo ndiwo anali maliro onse amene mai uja anali nawo. Anali atayang'ana foniyo okha kuyambira dzulo lake, osadya, osalira. Ndinawakoka dzanja kuti akhale pansi pakati pathu. Anakhala atauma ngati chitsa. Nachisale anayamba nyimbo chapansipansi, ife n'kulandira. Itafika pakati ndinamva phewa langa likunyowa, kenako mai uja analira kulira kwenikweni, kwa mwana wamasiye, akuyitana mai ake m'chilankhulo chawo. Tinawagwira mbali zonse. Paja maliro n'kulirana.

Phala lili pamoto kunagogoda apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Aneba anali ataimba foni kuti kuno kukuphedwa munthu. Nachisale, amene Chingerezi chawo n'cha ku yunivesite, anafotokoza zonse. Wamkaziyo anavula chipewa n'kupepesa, koma anati lamulo lawo ndi loti alembe maina a onse amene ali m'nyumbamo. Analemba. Atapita, Mai Liu anandiyang'ana maso ali psuu.

“Kuntchito anandilamula kuti ndizinena aliyense wobwera pano. Mukanalowa mwakachetechete mwina ndikanatseka pakamwa. Tsopano apolisi alemba, Esinati. Sindingabise.”

“Kaneneni. Bodza lisakuwonjezereni mlandu. Idyani phala lisanazizire.”

Anadya. Tinagona komweko pa balaza mpaka Lamulungu, titaona pa foni kuti mwambo wonse watha. Tisanachoke tinasesa nyumba, kuchapa, kutsegula makatani.

Lachiwiri anandiyitana. Mu ofesi munali bambo wa tayi ndi a Tembo. Munakambirana za ntchito? Ayi. Anakupatsani kanthu koti mubwere nako kuno kapena mupereke kwa wina? Ndinatuluka ndi mphika wanga umene ndinalowa nawo. Nanga munapitiranji lamulo mukulidziwa? Ndinati kunali maliro. Bambo wa tayi anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Ndinaona kuti nayenso watopa, sakufuna kukhala munthu wochotsa gogo wa mopu. Kenako anati, “Mwina tsiku lija simunamvetse. Chingerezi n'chovuta, ndipo inu simuwerenga. Mukanena kuti sanakufotokozereni bwino, ndilemba choncho, baji mukhala nayo.”

A Tembo anatanthauzira, n'kuwonjezera zawo maso ali pansi. “Amai, vomelani chabe. Kambani kuti simunamvele. Ni chitseko ichi bakutsegulilani.”

“Nanga amene sanandifotokozere bwinoyo ndani?”

“Ivo visiyeni.”

“A Tembo, anakufunsani pamaso pa anthu, munati ndamva. Ndikati sindinamve, wabodza akhala ndani?”

“Nizaona mochitila. Ndine mwamuna ine.”

Mwamuna inde, koma mapepala awo okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ana ali pa sukulu, ndipo dzina likangodetsedwa pa nkhani ya chitetezo kuno silichapika. Anga anali okhazikika. Komanso ine ndinamva. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiyesa wosamva chifukwa sindiwerenga, ndiye lero ndigule ntchito ndi dzina lomwelo? Koma musaganize kuti zinali zopepuka. Ndinaona nyumba ya zii ija, ndinaona m'mawa wopanda kopita, mawa lake chimodzimodzi, mpaka tsiku lonyamulidwa. Mtima unalemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Bambo uja ankandiyang'ana mondipempha, a Tembo akundiponda chala pansi pa tebulo. Ndinayankha ndekha m'Chingerezi changa chothyoka, kuti pasakhale wotanthauzira. Ndinati ndinamva zonse, a Tembo anandiuza bwino, ndinapita ndikudziwa.

Bambo uja anapumira m'mwamba n'kutambasula dzanja. Povula baji chingwe chinakola pa duku, a Tembo n'kundithandiza kumasula. Bambo wa tayi anandiuza kuti angandipezere malo ena ku maofesi a m'tauni ndikangokhoza mayeso a pa kompyuta. Tonse atatu tinadziwa tanthauzo lake. A Tembo anandiperekeza pa basi akundikalipira njira yonse. “Imwe amai ndimwe ovuta maningi. Ninakupemphani kuti munipulumuse? Manje nizamupeza kuti wina wopukuta muja? Aba bana ba manje bafuna kusiliza vonse mu ma minisi.” Basi itafika ananyamula chikwama changa mpaka pa mpando, n'kutsika osatsanzika. Ku Warwick ndinapeza Limbani akundidikira, a Tembo anali atamuimbira. Sananene kuti paja ndinakuuzani. Anangofunsa kuti, “Mwadya, amayi?”

2022 mpaka lero

Malire atatsegulidwa Mai Liu anabwera ku Girrawheen kudzatsanzika. Kafukufuku anatha osawapeza ndi mlandu, osawayeretsanso. Anangowauza kuti m'chipinda chamkati sangalowenso. Ankapita kwa mwana wawo ku Melbourne, ati akaphunzitsa ana masamu. Tinakhala pakhonde, mawu ochepa. Anandifunsa ngati ndimadandaula. Ndinati msana wasiya kuwawa. Sanakhulupirire, nanenso sindinadzikhulupirire.

Ndimadandaula, ana anga, ndisakunamizeni. Ndimadzukabe m'mamawa, ndikamva basi ikudutsa thupi limafuna kunyamuka, kenako ndimakumbuka. Pa kanema amalankhulabe za matchipu, azibambo a masuti akugwirana chanza lero, mawa akuopsezana. Galimoto ya Limbani inafika. Mapepala a a Tembo anatuluka, ndipo ku tchalitchi amandipatsa moni mokwiya mpaka pano. Mwa mayiko akuluakulu aja palibe limene linamva kuti ku Perth gogo wina walandidwa baji. China sanachepe, America sanakule. Ntchito yanga yokha ndiyo inatha, ndipo ina sindidzaionanso.

Limbani amati ndikanalowa mwakachetechete bwenzi ndikugwirabe ntchito. Akunena zoona, sindimutsutsa. Koma ine ndikadzatsikira kuli chete m'dziko la eni akeli, musadzandilire ngati mukuba. Mudzayambire pa geti. Aneba akadzaimba foni, apolisi akadzabwera, mudzawapatse maina anu onse, mmodzimmodzi, kenako muwauze avule nsapato, akhale pansi, adye phala.